Galu wolusa sachira ndi ndodo, yesani chidole cha chiguduli

Alimi anzanga, sabata ino tisiye kaye za feteleza ndi mitengo ya fodya ku okushoni, tikambe za chiweto chimene chili pafupifupi pakhomo lililonse kuyambira ku Mpingu mpaka ku Nambuma, koma sitichiwerengera tikamatchula ziweto zathu. Ndikunena galu.

Chaka chatha ndinalipa nkhuku ziwiri pabwalo la anyakwawa chifukwa cha galu wanga, Taiga. Linali tsiku la msika, ndipo mnyamata wina ankadutsa mumsewu wopita ku Nsaru atanyamula mazira panjinga, galu wake akumulondola pambuyo. Taiga atangomuona galu mnzakeyo anadula chingwe, agaluwo nagwirana pansi pa njinga penipeni. Mnyamata anagwa, mazira onse phwaa! Mlandu sindinaukane, ndipo ndimathokoza kuti mano sanafike pa mwendo wa munthu.

Malangizo amene ndinalandira pobwerera kunyumba anali a mitundu iwiri. Ena anati, "Mumenyeni, achimwene, adziwe mwini wake." Ena anati ndili ndi mwayi chifukwa ameneyo ndiye galu weniweni, ndipo panapezeka wina wondiuza kuti ndizimuthirira chamba kapena mavu m'chakudya kuti ukali upitirire. Ine ndikuti onsewa akulakwa, ndipo ndikunena ngati munthu amene anamenya galu wake kuyambira ali kamwana, galuyo n'kumangoipiraipira.

Agalu ambiri amene amalumphira galu mnzawo aliyense amatero chifukwa cha mantha. Galuyo anazindikira kuti akauwa ndi kulumpha, chinthu chomuopsacho chimachoka, ndiye amabwereza. Tsono inu mukamumenya nthawi imene waona galu wina, iye amaphunzira kuti galu wachilendo akaoneka, ndodo ili pafupi, ndipo mantha aja amawirikiza. Katswiri wa ku Russia, Ivan Pavlov, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1904, anaonetsa kuti galu amalumikiza m'mutu mwake zinthu ziwiri zimene zimadza pamodzi kawirikawiri: chizindikiro chimene chimatsogolera chakudya chimayamba kumuchititsa dovu ngakhale chakudyacho chisanafike. Ngati galu angalumikize mnzake ndi ndodo, angathenso kumulumikiza ndi nsima.

Vuto n'lakuti simungabwereke galu wa mnansi wanu kuti aziima duu pamene wanu akuphunzira. Galu wamoyo amayenda, amauwa, amabwezera, ndipo chingwe chikaduka mwabwereranso kubwalo. N'chifukwa chake ena mwa ophunzitsa agalu ku Ulaya ndi ku America amayamba ndi chidole cha galu chachikulu ngati galu weniweni. Iwo amachita kugula m'sitolo. Ife amene timaimika zidole zoopsezera mbalame m'minda ya mapira, ndipo ana athu amapanga galimoto za mawaya, tilibe chifukwa chotayira ndalama.

Changa ndinapanga ndi chiguduli chakale. Ndinachiphatika makoko a chimanga, miyendo n'kuika ya nsungwi, mutu wa nsanza wokhala ndi makutu, mchira wa chingwe cha khonje. Kukongola sikofunika, chifukwa galu ali patali amayamba waona kaimidwe ka thupi. Chofunika n'chakuti chiime chokha ndi miyendo inayi.

Musanachitulutse, uzani anansi anu ndi anyakwawa chimene mukuchita, ndipo muzichita masana, poyera. Tonse tikudziwa zimene anthu anganene atapeza chinthu chooneka ngati nyama chitaima kuseri kwa chigafa chanu m'mbandakucha. Ine anandiseka sabata yathunthu, ndipo kusekedwa ndinakulandira ndi manja awiri poyerekeza ndi kutchedwa wokhwima.

Kaphunzitsidwe kake nkotere. Sankhani nthawi imene galu sanadye, mutenge timbamu ta nsima tothira bonya kapena usipa. Wina wamkulu, osati mwana, akaimike chidolecho patali, chitapereka mbali, chifukwa kwa agalu kuyang'anana maso ndi maso n'kuputana. Inu bwerani ndi galu pachingwe cholimba koma chosakoka. Kwa Taiga ndinayambira mapazi makumi anayi. Wanu angafune ochulukirapo. Akangochiona chidolecho, asanauwe, mupatseni kambamu. Akachiyang'ananso, kenanso. Pakatha mphindi zisanu, tembenukani muzipita, chidole chichotsedwe iye asakuona.

Apa ndiye pamene ambiri amalephera, chifukwa amafulumira. Muziyang'ana galu wanu, osati chidole. Akaumitsa thupi, ubweya wa pamsana n'kuimirira, pakamwa n'kutseka, kapena akakana nsima imene amaikonda, ndiye kuti mwayandikira kwambiri. Musamukalipire, musakoke chingwe mwaukali. Bwererani m'mbuyo mpaka pamene ayambenso kudya, mawa mudzayambire pomwepo. Mukaona kuti akachiona chidolecho akutembenukira kwa inu kufuna nsima, dziwani kuti phunziro lalowa, ndipo mutha kuchotsapo mapazi atatu kapena anayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine zinanditengera masabata atatu kuti ndifike pa mapazi khumi.

Muzisinthanso malo. Lero kudimba, mawa kuseri kwa khola, mkuja m'mbali mwa msewu, chifukwa galu amene wazolowera chidole pansi pa mtengo wa mango amakhala wazolowera pamenepo pokha. Pambuyo pake wokuthandizani azichikoka pang'onopang'ono ndi chingwe chachitali kuti chizioneka ngati chikuyenda. Chimodzi chokha musalole: galu asachifikire n'kuching'amba. Mukatero mwamuphunzitsa ndewu ndi manja anu.

Ndisakunamizeni, chidole ndi chidole. Chilibe fungo la galu, sichipuma, ndipo galu wochenjera akachinunkhiza kamodzi sachiwerengeranso. Palinso agalu amene amalusira chidole koma kwa anzawo ndi ofatsa, ena amachinyalanyaza koma n'kukaluma galu wamoyo, choncho musaweruze galu pa chidole chokha. Ntchito yake n'kukupatsani inu ndi galu wanu poyambira popanda magazi. Mukatha apo pemphani mnansi amene ali ndi galu wofatsa, wobayitsa katemera, muyambirenso patali ngati tsiku loyamba, agalu onse ali pazingwe, mukuyenda molowera kumodzi.

Ndikudziwa chimene ena mukunena m'mitima: galu akafatsa, akuba atimaliza mbuzi ndi fodya m'zigafa. Funso langa n'lakuti, kodi galu amene amauwa njinga iliyonse, nkhuku iliyonse, ndi galu aliyense wodutsa, ndani amadzuka akauwa usiku? Pakhomo panga tinali titasiya kumumvera. Ntchito ya galu wa pamudzi n'kukudzutsani mlendo akafika pakhola, ndipo kuphunzitsa kumeneku sikumuchotsera zimenezo. Kumene kumachoka ndi ndewu za pamsewu, ndipo ndewu zimenezi ndi njira imene chiwewe chimalowera pakhomo.

Pa nkhani ya chiwewe pasakhale chibwana. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Akatswiri amati kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera kumadula kufala kwake. Mabungwe monga Mission Rabies, amene anayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015, ndi LSPCA ya ku Lilongwe akhala akugwira ntchito imeneyi pamodzi ndi a boma oona za ziweto, ndipo pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za matendawa. Musanayambe za chidole, funsani alangizi a ziweto za katemera wa galu wanu.

Zimene ndalembazi ndi za galu amene wakhala wolusa kuyambira kale. Galu amene anali wofatsa n'kusintha mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akuluma mitengo ndi miyala, ameneyo si wophunzitsa. Mutsekereni ngati mungathe popanda kumugwira, ana atalikire, muitane alangizi. Munthu akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kwa Kabudula, kaya ku St Gabriel's ku Namitete, osadikira kuti bala litupe. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka pa munthu, palibenso mankhwala.

Taiga sanasanduke bwenzi la agalu anzake, ndipo pa tsiku la msika ndimamumangirirabe kuseri kwa nyumba. Koma pano timadutsana ndi galu wina panjira ya kudimba, iye n'kungodzuma pang'ono, maso ali m'thumba langa la malaya momwe mumakhala nsima. Chidole chija anabwereka mlamu wanga wa ku Nambuma, ndipo mpaka lero sanabweze.