Kupirira Sikuciritsa Njuga

Makolo athu anaidziwa njuga monga cinthu ca amuna, cocitika kuseri kwa msika kapena pa mowa. Wofuna kuchova anayenera kuturuka m'nyumba, ndipo mudzi unamuona. Masiku ano njuga yalowa m'foni. Ndalama za thumba la feteleza zingathe kutha munthu ali khale pakhonde pace, popanda mmodzi wakudziwa. Tsono tifuna kunena poyera mau amene ena sadzakondwera nao: macitidwe athu pa akazi obvulazidwa ndi njuga, m'midzi ndi m'mipingo mwathu, ali osalungama, ndipo akulitsa nthendayo.

Akaziwa ali a mitundu iwiri. Woyamba ndiye amene sanagwirepo njuga, koma mwamuna wace ndiye abecha. Analima pamodzi, nakolola pamodzi. Koma ndalama za fodya kapena za soya zikalowa m'foni ya bambo, zithera pa masewera a mpira wa ku England. Mbuzi zicoka m'khola imodzi imodzi, ana abwezedwa kusukulu, ndipo mwini katapila afika pakhomo nalankhula ndi mkazi, pakuti mwamuna wazemba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, World Health Organization, linanena m'caka ca 2024 kuti pa munthu mmodzi wochova njuga kopitirira, anthu ena ngati 6 amva kuwawa kwace. Ife a kumudzi tidziwa amene ayamba kukumva. Nanga mai ameneyu akapita kwa ankhoswe alandira ciani? Amuuza kuti banja ndi kupirira. Akapita kwa akuru a mpingo amuuza kuti ampempherere mwamunayo. Kupemphera nkwabwino ndithu. Koma palibe afunsa kuti ndalama za dzinja likudzali adzasunga ndani.

Waciwiri ndiye mkazi wogwidwa yekha. Ambiri a iwo sapita ku nyumba zobechera, koma asewera cimene anthu acicha kandege, dzina lace lenileni Aviator. Kandegeko kakwera pa foni, ndalama imene munthu waponya ionekanso ngati irikukwera, ndipo ayenera kuicotsa kasanathawe. Kakathawa, yonse yapita. Eni ace a seweroli anena okha kuti pa makwaca 100 ali onse oponyedwa, makwaca 97 ndiwo abwerera kwa osewera. Ena ayesa cimeneci cabwino. Koma werengani bwino: mai woponya K1,000 nthawi 100 waponya K100,000, ndipo mwa masamu a eni ace ayembekezeke kutaya K3,000, ndiko katatu ndalama imene anayamba nayo. Nthawi 100 zimenezo zingathe kukwana usiku umodzi. Mmodzi apambana lero, nauza mudzi wonse. Makumi otaya akhala cete.

Ofufuza m'maiko ena anapeza kuti akazi ambiri ayamba njuga atakula kale, pofuna kuiwala cisoni kapena kusowa, ndi kuti agwidwa msanga koposa amuna. Kwathu kuno njira yace iri yodziwika. Ayamba ndi phindu la mandasi, atsata mpamba womwe, kenaka akongola ku banki mkhonde nati afuna kuonjezera geni. Tsiku logawana likafika zonse ziululika. Pamenepo ticitanji? Timucha wakuba pamaso pa anzace, tilanda ziwiya zace, timuika pa mwambo, ndipo nkhani yace ikhala ndiwo pa mjigo. Mnyamata wotaya zocuruka koposa tingoti nza anyamata. Muyeso umenewu tinautenga kuti?

Tidziwa cimene ena adzayankha. Adzati, Kodi sanasankhe yekha? Kodi kumcitira cifundo sindiko kuphunzitsa ena kucita comweco? Ife sitinena kuti alibe mlandu, iai. Ngongole ya anzace ayenera kubweza kufikira tambala lotsiriza. Koma m'buku lace la maina a nthenda, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 2022, bungwe lomwe lija liwerenga kulephera kuleka njuga m'gulu limodzi ndi kulephera kuleka mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Munthu wotere abwerera ku njuga kukafuna zimene anataya, ndipo ngongole ikakula ndi pomwe aponya zambiri. Manyazi amene timuunjikira amphunzitsa cinthu cimodzi cokha, ndico kubisa. Ndipo akazi ena asanu oona zimene tamcitira atseka pakamwa pao, napitirira kusewera usiku. Wobisa nthenda saciritsika, ndipo ndife tamcititsa kubisa.

Cifukwa cace tipempha zinthu izi, zimene mudzi uli wonse ungathe kucita popanda kudikira alendo.

Coyamba, pakhale malo onenera. Ku America, mu mzinda wa Los Angeles, m'caka ca 1957, anthu ogwidwa ndi njuga anayamba gulu lochedwa Gamblers Anonymous, lokomana kawiri kawiri kuuzana zoona ndi kulimbikitsana. Pambuyo pace a m'mabanja mwao anayamba lao, Gam-Anon. Ife tiri nao kale magulu okomana sabata ndi sabata: Cigwirizano, Mvano, Umanyano ndi ena. Gulu liri lonse lisankhe amai awiri acikulire odziwika ndi kusunga cinsinsi, ndipo lilengeze kuti wonena kwa iwo sadzamva nkhani yace pa njira.

Caciwiri, ndalama zicoke m'manja mwa wodwala. Ankhoswe aweruze kuti m'nyumba ya mwamuna wobecha ndalama za zokolola asunge ndi mkazi, ndi kuti nambala yacinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba aidziwe ndiye. Mkazi asakakamizidwe kugulitsa zace kuti abweze ngongole ya njuga ya mwamuna, pakuti wombwezera lero amtsegulira khomo la kukongola mawa. Mkazi wogwidwa yekha apereke mpamba wace kwa mbale wokhulupirika, nagwire kafoni kopanda intaneti. A banki mkhonde amlole kubweza pang'ono pang'ono, osamkongozanso, koma osamcotsa pagulu.

Cacitatu, amai adziwe kuti lamulo liri nao. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la caka ca 2006 liwerenga kumana a m'nyumba cuma cowayenera monga nkhanza, pamodzi ndi kumenya. Ku polisi kuli ofesi yolandira madandaulo a ozunzidwa, ndipo bwalo la mirandu lingathe kupereka ciletso comteteza. Mai wopita kumeneko sanapasule banja lace. Inalipasula ndi njuga.

Cacinai, tichere khutu ku mau a kutaya mtima. Ngongole ndi manyazi pamodzi zifikitsa ena pa kuganiza zodzipha. Mukamva mnzanu anena kuti kuli bwino kungofa, musamsiye yekha usiku umenewo. Mperekezeni ku cipatala ca boma, kumene angathe kumtumiza ku cipatala ca nthenda za maganizo ku Zomba. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe alandiranso obvutika motere.

Kwa aboma tinenanso mau. Lamulo la njuga la caka ca 2022 linakhazikitsa bungwe loyang'anira malondawa, ndipo boma lilandirapo msonkho. Ngati dziko lidya za njuga, gawo la msonkhowo lifike ku zipatala za m'maboma, kuti mai wa kumudzi apeze mlangizi pafupi.

Wocira adzagwanso mwina kawiri kapena katatu asanaime. Woleka mowa acita comweco, ndipo sitimthamangitsa. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciri kwa iwe. Foni yomweyo iri m'nyumba zathu zonse, m'manja mwa ana athu akazi. Tsono inu atsogoleri a amai, pa msonkhano wanu wa mwezi uno sankhani amai awiri aja, nimuchule maina ao pamaso pa onse, kuti wokhala kumbuyo ndi ngongole yace yobisika adziwe khomo limene angagogode.