Mabomba ndi anthu wamba pa mkangano wa ku Northern Ireland

Funso lakuti kodi magulu a zida ankapha dala anthu wamba ndi mabomba ndi limodzi mwa mafunso amene anthu akukanganabe pa mbiri ya Northern Ireland. Mkangano wa m'dzikolo, umene umadziwika ndi dzina lakuti The Troubles, unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndipo unatha ndi pangano la Good Friday pa 10 Epulo 1998. Anthu oposa 3,500 anafa, ndipo opitirira pang'ono theka la anthuwa anali anthu wamba. Yankho la funsoli limadalira gulu limene likukambidwa komanso tanthauzo limene munthu akupereka ku mawu akuti "dala" ndi akuti "munthu wamba".

Mbali zolimbana

Northern Ireland ndi gawo la dziko la United Kingdom. Anthu ena, ambiri mwa iwo Akatolika, ankafuna kuti gawoli liphatikizane ndi dziko la Ireland. Ena, ambiri mwa iwo Apulotesitanti, ankafuna kukhalabe pansi pa Britain. Gulu lalikulu la zida kumbali yoyamba linali Provisional Irish Republican Army (IRA), lomwe linapangidwa mu Disembala 1969. Kumbali yachiwiri kunali Ulster Volunteer Force (UVF) ndi Ulster Defence Association (UDA). Asilikali a Britain ndi apolisi a Royal Ulster Constabulary analinso m'nkhondoyi.

Malinga ndi kaundula wa Malcolm Sutton, amene amasungidwa ku Ulster University, pa anthu 100 alionse amene anaphedwa, pafupifupi 60 anaphedwa ndi magulu ofuna kuphatikizana ndi Ireland, 30 ndi magulu ofuna Britain, ndipo 10 ndi asilikali ndi apolisi. IRA yokha inapha anthu oposa 1,700. Mwa iwowa pafupifupi 1,000 anali asilikali ndi apolisi, ndipo oposa 500 anali anthu wamba.

Magulu a UVF ndi UDA

Pa magulu awiriwa akatswiri a mbiri sagawanika kwenikweni, chifukwa ambiri mwa anthu amene anawapha anali Akatolika wamba. Pa 4 Disembala 1971 bomba la UVF linapha anthu 15 pamalo omwera mowa a McGurk's Bar ku Belfast. Pa 17 Meyi 1974 mabomba oikidwa m'magalimoto anaphulika ku Dublin ndi ku Monaghan popanda chenjezo, n'kupha anthu 33 ndi mwana mmodzi wosabadwa. UVF inadzavomera mu 1993 kuti ndiyo inachita izi. Magulu amenewa ankaopseza Akatolika onse poganiza kuti akatero anthuwo asiya kuthandiza IRA.

Zimene IRA inkanena

IRA inkanena kuti ikumenyana ndi boma la Britain, ndipo mabomba ake ankalunjika asilikali, apolisi ndi chuma cha dziko. Umboni waukulu umene otsatira ake amapereka ndi mafoni ochenjeza. Membala wa gululi ankaimbira nyuzipepala, wailesi kapena bungwe lothandiza anthu, n'kutchula mawu achinsinsi amene apolisi ankawadziwa, kuti aone kuti chenjezolo ndi lenileni. Pa 15 Juni 1996 bomba la makilogalamu pafupifupi 1,500 linaphulika pakati pa mzinda wa Manchester. Chenjezo linabwera patatsala ola ndi theka, anthu pafupifupi 75,000 anachotsedwa m'deralo, ndipo palibe anafa ngakhale oposa 200 anavulala. Gulu lofuna kupha anthu ambiri silikanachenjeza, amatero amene ali ndi maganizo amenewa. Amanenanso kuti imfa za anthu wamba zinkachepetsa chithandizo cha IRA pakati pa Akatolika ndi ku America.

Pamene chenjezo linalephera kapena panalibe

Otsutsa amatchula masiku ena. Pa 21 Julayi 1972, tsiku lotchedwa Bloody Friday, mabomba pafupifupi 20 anaphulika ku Belfast m'mphindi ngati 80. Machenjezo analipo koma anachuluka moti apolisi sanathe kuchotsa anthu paliponse, ndipo anthu 9 anafa. Pa 21 Novembala 1974 mabomba anapha anthu 21 m'malo awiri omwera mowa ku Birmingham, chenjezo losamveka bwino litafika patangotsala mphindi zochepa. Pa 17 Febuluwale 1978 anthu 12 anapsa mpaka kufa pa hotela ya La Mon pafupi ndi Belfast, ndipo IRA inavomera kuti chenjezo lake linachedwa. Ku Enniskillen pa 8 Novembala 1987 panalibe chenjezo n'komwe. Bomba linapha anthu 11 pamwambo wokumbukira amene anafa pa nkhondo, 10 mwa iwo anthu wamba. IRA inati inkafuna asilikali. Ku Warrington mu Malichi 1993 mabomba oikidwa m'mabini a zinyalala mumsewu wa masitolo anapha ana awiri, wa zaka 3 ndi wa zaka 12.

Mfundo ya otsutsa ndi yakuti ngozi ikabwerezedwa kwa zaka zoposa 20 imasiya kukhala ngozi. Woika bomba pamalo podzaza anthu amadziwa kuti foni ikhoza kukhala yowonongeka, bomba likhoza kuphulika nthawi isanakwane, ndipo apolisi akhoza kusokonezeka. Malamulo a nkhondo a ku Geneva, makamaka mfundo zowonjezera za mu 1977, amaletsa kulunjika anthu wamba komanso kuukira kosasankha. Boma la Britain silinkaona mkanganowu ngati nkhondo, ndipo oponya mabomba ankazengedwa milandu yakupha.

Munthu wamba ndi ndani?

IRA inkakulitsa mndandanda wa anthu amene inkati ndi oyenera kuphedwa. Munalowa oweruza milandu, andale, oyang'anira ndende ndi aliyense wogwira ntchito m'makampu a asilikali. Mu Okutobala 1990 mwamuna wina wophika pa kampu anakakamizidwa kuyendetsa galimoto yodzaza mabomba kupita pa rodibuloko pafupi ndi Derry, banja lake litagwidwa ukapolo. Anafa pamodzi ndi asilikali 5. Ku Teebane mu Januwale 1992 bomba linapha amisiri 8 Achipulotesitanti amene ankachokera kokonza kampu ya asilikali. Apa IRA inapha dala anthu opanda mfuti, koma siinkawawerengera ngati anthu wamba.

Pali nthawi zinanso pamene chipembedzo chokha ndicho chinasankha wofa. Ku Kingsmill pa 5 Januwale 1976 amuna a mfuti anaimitsa minibasi ya ogwira ntchito, n'kumasula Mkatolika mmodzi, n'kuwombera Apulotesitanti 11. Khumi anafa. Mu Epulo 2024 khoti lofufuza imfa linapeza kuti IRA ndiyo inachita izi chifukwa cha tsankho la chipembedzo. Akatswiri awiri, Robert White ndi Steve Bruce, anatsutsana pa nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990. White ankati IRA kwakukulu inkalimbana ndi boma, pomwe Bruce ankati tsankho linalimo, poti apolisi ndi asilikali a m'deralo amene inkapha anali Apulotesitanti oyandikana nawo.

Nkhaniyi masiku ano

Mu Julayi 2002 IRA inapepesa kwa mabanja a anthu osamenya nkhondo amene inawapha, koma siinavomere kuti inkawalunjika. Mabanja ambiri sanakhutire, ndipo akufunabe mayankho m'makhoti. Mu 2023 nyumba ya malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo loimitsa milandu ndi kafukufuku wambiri wa imfa za nthawi imeneyo. Zipani zonse zazikulu za ku Northern Ireland zinalikana, ndipo boma lomwe linalowa mu 2024 linalonjeza kulichotsa. Mu Januwale 2025 bungwe lofufuza bomba la ku Omagh linayamba kumva maumboni a mabanja. Bombalo linaikidwa ndi gulu lopatuka la Real IRA pa 15 Ogasiti 1998 ndipo linapha anthu 29, chenjezo lolakwika litachititsa apolisi kusunthira anthu kufupi ndi galimoto imene munali bombalo.