Dokotala wa Ana Wochokera ku Sanjala

Ndilankhuleko za mwana wathu wa kuno ku Sanjala amene mtima wake uli pa udokotala wa ana.

Pitani ku Hospital Provincial de Lichinga m'mawa wa mu Julayi, kuzizira kuli tsee. Mupeza mayi atafunditsa khanda zitenje ziwiri, khandalo likupuma mobanika, nthiti zikulowa m'kati. Chibayo chimenecho. Mayiyo akufotokoza m'Chiyao kapena m'Chinyanja, ndipo akufuna dokotala wa konkuno, womumva popanda womasulira.

Mwana wathuyu akakaphunzira ku Nampula, pa Universidade Lúrio, akapeza ndondomeko ya Um Estudante, Uma Família. Wophunzira amapatsidwa banja loti aziliyendera, n'kumaona madzi amene akumwa komanso ngati ana akugona m'masikito. Ine njira imeneyi imandigwira mtima.

Kafukufukunso ndi wathu ndithu. Ku Manhiça, malo ofufuzira amene anatsegulidwa mu 1996 anayesa katemera wa malungo wa RTS,S pa ana a dziko lino, ndipo mu 2021 bungwe la WHO linamuvomereza.

Makolo, mwanayo akatsegula mabuku madzulo, ntchito yotunga madzi mutumeko wina.