Musathamangitse mphaka wa agogo

M'midzi yathu yambiri, agogo aakazi okhala okha akaweta mphaka, manong'onong'o amayamba: "Ameneyu ndiye amamutuma usiku." Ine ndikuti tileke zimenezi. Ana awo ali ku Lilongwe kapena ku Joni, amangotumiza ndalama pafoni. Ndani wina akucheza nawo agogowo?

Ndalama imagula sopo ndi shuga, koma sidzutsa munthu m'mawa. Galu amadzutsa. Amafuna chakudya, amafuna madzi, ndipo agogo akanyamula khasu kupita kudimba, iye ali pambuyo. Mphaka amapirikitsa makoswe kunkhokwe, madzulo n'kudzakhala pamwendo. Munthu amene ali ndi chamoyo chomudalira sagona mpaka dzuwa kufika paliwombo, ndipo ali ndi wolankhula naye.

Ku Sweden, akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala anatsatira anthu 3.4 miliyoni azaka 40 mpaka 80 kwa zaka pafupifupi 12. Zomwe anatulutsa mu 2017 zinaonetsa kuti mwa anthu okhala okha, chiopsezo cha imfa chinali chotsika ndi 33 peresenti kwa omwe anali ndi galu. Bungwe la American Heart Association nalo linanena mu 2013 kuti kuweta galu kungachepetse chiopsezo cha matenda a mtima. Wina anganene kuti mwina anthu athanzi kale ndiwo amaweta agalu. N'zotheka. Koma ubwino woyenda tsiku ndi tsiku, komanso kuipa kosungulumwa, palibe dokotala angatsutse.

Choopsa chenicheni ndi chiwewe, osati ufiti. Pafupifupi anthu onse odwala chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo zizindikiro zikangoyamba, pafupifupi palibe amene amachira. Katemera ndiye yankho. A Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere ku Blantyre kuyambira 2015, ndipo kumaboma kuli alangizi a ziweto. Inu otumiza ndalama, onjezerani kangachepe ka katemera ndi madeya. Mukamawapezera agogo galu, sankhani wofatsa, wosadumphira anthu, chifukwa wokalamba akagwa n'kuthyoka chiuno, kudzukanso n'kovuta.

Mafumu nawo akumbutse anthu awo kuti lamulo la 1911 lokhudza ufiti limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amene mtima ukumuwawa poona mphaka wa agogo, ayambe iyeyo kupita kukawatungira madzi ndi kucheza nawo.