Atsikana a m'Makomboni a ku Chipata Afunika Luso Loposa Kusoka

Caka ndi caka, cimanga cikangolowa m'nkhokwe, atsikana ambiri amacoka m'midzi ya kwa Mpezeni, kwa Madzimawe ndi ku Chipangali kulowera ku Chipata. Ena amafikira kwa abale ku Navutika, Mchini kapena Kapata. Ena amalembedwa nchito ya m'nyumba, kulera ana a eni ake pa malipiro osakwanira ngakhale sopo ndi mafuta odzola. Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, koma nchito sizinakule pamodzi ndi dzinalo.

Kafukufuku wa za umoyo wa mu 2018 anaonetsa kuti m'Cigawo ca Kum'mawa, atsikana pafupifupi 40 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Malamulo owateteza alipo. Kuyambira 1997 mtsikana amene wacira amaloledwa kubwerera ku sukulu, mu 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu mpaka Giredi 12, ndipo mu December 2023 linaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Koma mtsikana amene ali ndi mwana kumbuyo, ndipo lendi ikumudikira kumapeto kwa mwezi, sabwerera m'kalasi cifukwa ca lamulo lokha. Afuna luso lomupatsa ndalama.

Kwa zaka zingapo pulogalamu ya DREAMS, ya ndalama za ku America, inali kusonkhanitsa atsikana m'matauni a Zambia kuwaphunzitsa kudziteteza ku HIV ndi kusunga ndalama. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, ndipo zinaoneka poyera kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Fodyayo ndi thumba la citukuko la CDF, limene linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse mu 2022. Mbali ina ya ndalamazi imalipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja, ina imapatsidwa ku magulu a amayi.

Cobvuta ciri pa kasankhidwe ka luso. Makolo ambiri akamva za maphunziro a mwana wamkazi amangoganiza za kusoka ndi kuluka tsitsi. Munthu ayende m'msika wa Kapata kapena ku Saturday Market aone milu ya salaula: diresi la kumeneko limatsika mtengo kuposa limene telala wasoka tsiku lonse, atagula yekha nsalu ndi ulusi. Telala watsopano amaona ndalama mu January pa mayunifomu a sukulu, miyezi yotsala makina ali cete. Pomwepo nyumba zikumangidwa mbali zonse za mzinda, ndipo iliyonse ifuna womanga, woika mawaya a magetsi, wolumikiza mipope ndi wowocherera mafelemu a mazenera. Nchito zotere zimaphunzitsidwa m'masukulu monga Chipata Trades Training Institute, ndipo palibe lamulo lotsekera mtsikana khomo. Cimene cimamutsekera ndi mau a kunyumba akuti zimenezo nza amuna, mau ocokera kwa anthu omwewo amene amamutuma kuponda dothi ndi kusenza njerwa pomanga nyumba kumudzi.

Pempho la thandizoli limayambira ku komiti ya citukuko ya wadi imene mtsikanayo akhala, pamodzi ndi kalata yomulandira ya sukulu yolembetsedwa ku TEVETA. Motero kholo la ku Luangeni kapena ku Kasenengwa lingathe kuyamba nkhaniyi kwa khansala wa kwao komweko, mwana asanakwere basi.