Kapitawo Waukali Adzipweteka Yekha

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akakwezedwa pa ntchito ndiye kuti wapumula. Si choncho ayi. Kapitawo wa m'minda ya tiyi ku Thyolo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kumudzi, ngakhalenso mkulu wa chipatala chaching'ono, onsewa ali pakati. Akuluakulu awo amafuna kuti ntchito ioneke, pamene antchito amawadandaulira za malipiro ndi kusowa kwa zipangizo. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Nkhonya zimenezi zimafika m'thupi. Munthu wokhala ndi nkhawa tsiku ndi tsiku amasowa tulo, mutu umamuwawa, sachedwa kupsa mtima, ndipo ena amathawira ku mowa ndi fodya. Zonsezi zimaitana matenda a kuthamanga kwa magazi, amene amakula mwakachetechete mpaka munthu kufa ziwalo. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti m'Malawi muno munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 adali ndi vutoli, ambiri osadziwa. M'chaka cha 2021 mabungwe a WHO ndi ILO adalengezanso kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumaonjezera ngozi ya kufa ziwalo ndi matenda a mtima.

Komatu gawo lina la katunduyu woyang'anira amadzisenzetsa yekha. Alipo akapitawo amene amalamula mokalipa, sakhulupirira munthu, makiyi onse ali m'thumba mwawo. Antchito awo amagwira ntchito mwamantha, amabisa zolakwa, ndipo bwana akangochoka makasu amagona pansi. Motero mkuluyo sangapume ngakhale Lamulungu.

Woyang'anira wanzeru amagawa ntchito, amamva maganizo a anzake, amayamika pagulu ndi kudzudzula pambali. Ena amati kutero ndi kufooka, koma ulemu umene amapereka ndi womwe amalandira. Mavuto amawamva akadali aang'ono, ntchito imamukoma, ndipo madzulo amagona tulo tabwino. Mutu umodzi susenza denga.

Nchifukwa chake aliyense wokhala ndi anthu pansi pake ayenera kupita kuchipatala kukayezetsa magazi ngakhale sakumva kudwala. Akapezeka kawirikawiri pa 140/90 kapena kupitirira, atsatire malangizo a achipatala, achepetse mchere, ndipo asiye fodya. A m'banja mwake nawonso amukumbutse. Ntchito imapeza wolowa m'malo, koma ana amasiye sapeza bambo kapena mayi wina.