Galimoto Yanzeru Ifuna Woyendetsa Wanzeru

Mwezi uno tikambirane za magalimoto. Kuno ku Mayani tiona anyamata athu ambiri alikuyendetsa magalimoto ang'onoang'ono ogulidwa ku Japan, monga Toyota Sienta, kunyamula anthu, kachewere ndi nyemba kupita nazo kumisika. Ambiri mwa magalimoto ameneŵa ali ndi kompyuta yothandiza woyendetsa. Tsono pabuka mtsutso. Madalaivala akale ati, woyendetsa weniweni amamva msewu m'manja ndi kuphazi, makina ngachabe. Achinyamata ati, galimoto ya makono imadziteteza yokha. Ife tiona kuti onse aŵiri agwira mbali imodzi yokha ya choonadi.

Tiyambe ndi chipangizo chotchedwa ABS, chimene makampani a Mercedes-Benz ndi Bosch a ku Germany adayamba kuika m'magalimoto ogulitsa m'chaka cha 1978. Munthu akaponda buleki modzidzimuka, matayala amatha kuuma ndi kungokhwekhwerezeka, ndipo pamenepo chiwongolero sichimveranso. ABS imaŵerenga liŵiro la tayala lililonse; ikaona kuti lina lifuna kuuma, imamasula buleki ndi kugwiranso kambirimbiri pa kamphindi kochepa, mofulumira kuposa phazi la munthu aliyense. Motero woyendetsa angathe kuponda buleki uku alikuzemba mwana kapena njinga. Chipangizo china, chotchedwa ESP kapena VSC, chidatuluka m'chaka cha 1995. Ntchito yake ndiyo kugwira buleki ya tayala limodzi pamene galimoto iyamba kutsetsereka cham'mbali pokhota. Ubwino wake udaoneka kwambiri, kotero kuti kuyambira 2014 maiko a European Union adalamula kuti galimoto yatsopano iliyonse ikhale nacho. Zotere sitingazinyoze, pakuti zapulumutsa miyoyo.

Koma misewu yathu ya kumapiri kuno ili ndi makhalidwe ake, ndipo pali zinayi zimene woyendetsa ayenera kudziŵa.

Choyamba, pa msewu wa fumbi ndi timiyala, galimoto ya ABS ingathe kuima patali kuposa mmene muyembekezera. Tayala louma limakumba dothi ndi kuunjika kamulu kamene kamaliimitsa, koma ABS sililola tayala kuuma. Chotero chepetsani liŵiro ndi kusiya mpata waukulu pakati pa inu ndi wapatsogolo.

Chachiŵiri, ABS ikayamba kugwira, chopondera chimanjenjemera pansi pa phazi ndi kuchita phokoso. Ambiri amachita mantha nachotsa phazi. Uku ndi kulakwa. Pondani molimba, musaleke, ndipo wongolerani kumene mufuna kupita.

Chachitatu, yang'anirani kanyale kolembedwa ABS patsogolo panu. Kayenera kuyaka poliza injini ndi kuzima posachedwa. Kakangoyakabe, chipangizocho chafa, kaŵirikaŵiri chifukwa matope kapena mwala waononga kachingwe ka ku tayala. Mabuleki wamba agwirabe, koma mthandizi uja palibe. Kumata kanyaleko kuti wogula asakaone ndiko chinyengo choika miyoyo ya ena pangozi.

Chachinayi, kompyuta siiziziritsa mabuleki. Wotsika mtsetse wautali, monga wa Khwekhwerere popita ku Golomoti, ayenera kuika giya yaing'ono kuti injini igwire galimoto. Amene amachotsa giya potsika, ati apulumutse mafuta, natsamira pa buleki yokha, amatenthetsa mabuleki mpaka kuleka kugwira.

Nanga galimoto ya anthu asanu ndi aŵiri ikanyamula khumi ndi aŵiri, pamodzi ndi matumba, matayala ake ali osalala ngati mbale? Palibe chipangizo chimene chingakonze zimenezo. Makina onseŵa amagwira ntchito kudzera pa kachigawo ka tayala kokhudza pansi, kamene kukula kwake kuli ngati chikhatho cha dzanja. Kompyuta siiona nkhungu ya pa Dedza mwezi wa Juni, siidziŵa kuti lero ndi tsiku la msika, kapena kuti ana aŵeruka kusukulu. Izi adziŵa ndi munthu amene ali maso, wosaledzera, wosagwira foni poyendetsa.

Makolo, musanapereke makiyi kwa mwana wanu, onani kuti ali ndi laisensi ndipo waphunzira kwa munthu wodziŵa. Mufunseni tanthauzo la nyale iliyonse yoyaka patsogolo pake. Inu madalaivala akale, phunzitsani anyamata kumva msewu, koma nanunso lolani kuphunzira za zipangizo zatsopano; safunsa adadya phula. Ndipo inu achinyamata, mangani lamba, popeza ngakhale thumba la mpweya lija lotuluka pa chiwongolero lingavulaze munthu wosamanga lamba. Amene akhala kumbuyo kwanu ndi amayi a wina, mwana wa wina, ndipo kwawo alikuyembekezeredwa.